Mmene mungalumikizire fulashi kapena hadi disiki ku rauta ya pakhomo kuti banja lonse liziona mafayilo

Sipatha mwezi popanda munthu kubwera pa benchi yanga yokonzera mafoni ndi makompyuta kuno ku Ulónguè atanyamula rauta, kachipangizo kofalitsa Wi-Fi m'nyumba, m'jumbo, ndipo funso limakhala limodzimodzi: "Bambo, bowo la USB lili kumbuyoli ndi la chiyani, nanga bwanji ndikalowetsamo fulashi palibe chimene chikuchitika?" Ena amachokera ku Dómuè ndi ku Tsangano, ena amatumiza zithunzi pa WhatsApp ali ku Moatize kapena mumzinda wa Tete, ndipo pafupifupi onse amakakamira pa malo amodzi. Ndaona kuti ndi bwino kulemba yankho lonse kamodzi, mwadongosolo, kuti amene ali ndi rauta yotere athe kudzikonzera yekha ali pakhomo pake.

Phindu lake ndi ili. Fulashi kapena hadi disiki ikalumikizidwa bwino ku rauta, foni iliyonse, laputopu ndi TV zimene zili pa Wi-Fi ya pakhomopo zimatha kutsegula mafayilo omwewo popanda kupatsirana fulashi pamanja. Mafayilowo amayenda kuchoka pa rauta kupita pa foni basi, sadutsa pa intaneti, choncho sadya mamega, kaya khadi lili mu rautamo ndi la Movitel, la Vodacom kapena la Tmcel. Ngakhale mamega atatheratu, malinga rauta ili yoyaka, mwana atha kutsegula mabuku a sukulu amene munasungamo ndipo agogo atha kuonera vidiyo ya ukwati wa mdzukulu wawo.

Mawu anayi muyenera kuwadziwa tisanayambe, chifukwa mudzawapeza pa tsamba la rauta. Samba, imene marauta ena amailemba kuti SMB kapena Network Neighborhood, ndi njira imene makompyuta amagawanira mafoda m'nyumba imodzi, ndipo ndi imene mudzagwiritse ntchito kwambiri. Media Server kapena DLNA ndi njira imene TV imapezera nyimbo, zithunzi ndi mavidiyo. FTP ndi njira yakale yotumizira mafayilo, imene imagwirabe ntchito koma imatumiza pasiwedi yanu poyera osaibisa. Pasiwedi ndi yomwe ambiri kuno timati senha, ndipo pa rauta yokhala m'Chipwitikizi mudzaiona italembedwa kuti senha kapena palavra-passe.

1. Tsimikizani kuti bowolo ndi losungiradi mafayilo

Si bowo lililonse la USB limene limawerenga fulashi. Pa marauta ena bowolo ndi lolowetsera modemu ya 3G kapena 4G yokha, pa ena ndi la purinta, ndipo pa timarauta ta m'thumba nthawi zambiri ndi lotchajira basi. Tembenuzani rauta, muwerenge dzina la mtundu wake pa kapepala komatidwa pansi, kenako muyang'ane pa katoni kapena m'kabuku kake ngati pali mawu akuti USB Storage, File Sharing, Samba kapena Partilha de ficheiros. Ngati mawuwa palibe paliponse, musataye nthawi ndi masitepe otsatirawa, chifukwa palibe batani limene lingapatse rauta luso limene sinapangidwe nalo.

2. Sankhani chosungira chimene rauta ingathe kuchipatsa mphamvu

Bowo la USB 2.0 limapereka mphamvu ya 500 mA pa 5 V, pamene la USB 3.0, limene kawirikawiri limakhala la buluu mkati, limapereka 900 mA. Fulashi wamba imakhutira ndi mphamvu imeneyi popanda vuto. Hadi disiki yaing'ono ya mainchesi 2.5, yodalira chingwe chimodzi chokha, imafuna mphamvu yochuluka pa nthawi imene ikuyamba kuzungulira, ndipo pa bowo la USB 2.0 nthawi zambiri imalephera. Mudzaizindikira ndi khutu: mukaika disikiyo pafupi mudzamva ikuyamba kuzungulira, kenako kuti tiki, n'kuima, n'kuyambanso, kwinaku kanyale kake kakuthwanima. Anthu ambiri akamva zimenezi amaganiza kuti disiki yafa, pamene ndi njala ya magetsi chabe. Mankhwala ake ndi kugwiritsa ntchito disiki yokhala ndi adaputa yakeyake yolowetsa pakhoma, kapena kuika pakati kachipangizo kogawa mabowo a USB kokhalanso ndi adaputa yake. Musaisiye disiki ikulira choncho kwa nthawi yaitali, chifukwa kuzima ndi kuyaka kosalekezako ndi kumene kumadzaipha.

Chenjeraninso ndi mafulashi achinyengo amene amagulitsidwa motchipa m'misika. Pa chikuto pamalembedwa 128 GB kapena kuposerapo, kompyuta imaonetsanso chimodzimodzi, koma mkati muli malo ochepa kwambiri, ndipo mukadutsa malire enieniwo mafayilo atsopano amalembedwa pamwamba pa akale kapena amangosowa. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza fulashi yonse n'kuiwerenganso kuti ione ngati malowo alipodi. Imatenga nthawi, mwina maola angapo, koma ichiteni musanaikemo chilichonse chimene simungafune kutaya.

3. Fomatani chosungiracho m'njira imene rauta imamva

Apa ndi pamene theka la mavuto limabadwira. Chosungira chilichonse chili ndi kalembedwe kake ka mkati kosanjira mafayilo, ndipo rauta simva kalembedwe kalikonse. Mitundu imene mudzakumane nayo ndi itatu. FAT32 ndi yakale ndipo pafupifupi rauta iliyonse imaiwerenga, koma silola fayilo imodzi kupitirira 4 GB, kotero vidiyo yaitali ya ukwati kapena ya chinkhoswe imakana kulowa ngakhale malo alipo ambiri. NTFS ndi ya Windows, ilibe malire a 4 GB amenewa, ndipo marauta ambiri okhala ndi Samba amaiwerenga ndi kulembamo, ngakhale amachedwerapo pang'ono. exFAT ndi imene mafulashi akuluakulu ambiri amabwera nayo kuchokera ku fakitale, ndipo ndi yomwenso marauta akale ambiri sailandira n'komwe. N'chifukwa chake munthu amagula fulashi yatsopano ya 64 GB, imagwira bwino pa laputopu, koma akaiika pa rauta pamakhala zii.

Malangizo anga ndi akuti ngati fulashi yanu ndi ya 32 GB kapena yocheperapo, ndipo mukusungamo makalata, zithunzi ndi nyimbo zokha, sankhani FAT32. Ngati ndi yaikulu kuposa pamenepo kapena mukufuna kusunga mavidiyo, sankhani NTFS. Windows yokha, pa kawindo kake kofomatira, siionetsa FAT32 pa chosungira choposa 32 GB, choncho musadabwe mukaipeza palibe.

Kuti muone mtundu umene muli nawo, lowetsani fulashi mu kompyuta, tsegulani File Explorer, dinani chizindikiro cha fulashiyo ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Properties, ndipo mudzaona mzere wa File system. Kuti musinthe, dinaninso ndi batani lakumanja, musankhe Format, musankhe mtunduwo, mupereke dzina lalifupi lopanda mipata monga PAKHOMO, kenako Start. Kufomata kumafufuta zonse. Koperani kaye chilichonse chili m'menemo, ndipo musanadine Start chotsani mafulashi ena onse pa kompyutayo n'kuyang'anitsitsa chilembo cha chosungira chanu, kaya ndi E kapena F. Ndinalandirapo mayi wina amene anafomata disiki yosunga zithunzi za ana ake m'malo mwa fulashi yatsopano chifukwa zonse ziwiri zinali zolumikizidwa nthawi imodzi, ndipo ngakhale tinapulumutsa zambiri, zina sizinabwererenso.

Pali chinthu china chokhudza madisiki akuluakulu. Marauta akale amadziwa kagawidwe ka disiki kotchedwa MBR kokha, kamene kamalekezera pa 2 TB, ndipo disiki yokonzedwa m'kagawidwe katsopano ka GPT saiona. Ngati mukugula disiki yogwiritsa ntchito pa rauta yakale, musapitirire 2 TB.

Fulashi idakali mu kompyuta, pangani mafoda atatu kapena anayi, mwachitsanzo Sukulu, Zithunzi, Mavidiyo ndi Makalata. Mayina a mafoda ndi mafayilo alembeni opanda zizindikiro za Chipwitikizi monga ç ndi ã, chifukwa marauta ena akale amazisandutsa zilembo zosawerengeka. Lembani Certidao m'malo mwa Certidão, ndipo mudzapewa mutu wopanda pake. Mukamaliza, chotsani fulashiyo kudzera pa Eject, osangoizula.

4. Lowani pa tsamba la rauta

Lumikizani laputopu kapena foni ku Wi-Fi ya rautayo, tsegulani Chrome kapena Firefox, ndipo pamwamba polemba adiresi lembani nambala ya rauta. Marauta ambiri amagwiritsa ntchito 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, a Huawei olowa khadi la foni kawirikawiri ndi 192.168.8.1, ndipo a TP-Link amayankhanso pa dzina lakuti tplinkwifi.net. Nambala yolondola imalembedwa pa kapepala ka pansi kaja. Ngati kanafufutika, tsegulani Command Prompt, kawindo kolembamo malamulo ka pa Windows, lembani ipconfig, ndipo nambala ili pa mzere wa Default Gateway ndi imeneyo. Cholakwa chofala ndi kulemba nambalayi m'bokosi losakira la Google m'malo mwa polemba adiresi, kapena kuyesa pa foni imene ikugwiritsa ntchito mamega a khadi lake m'malo mwa Wi-Fi.

Pasiwedi yolowera pa tsambali si imodzi ndi ya Wi-Fi. Ngati idakali admin monga inabwerera, isintheni pompano, chifukwa aliyense amene munampatsapo Wi-Fi atha kulowa n'kusintha zonse zimene mukukonzazi.

5. Onetsetsani kuti rauta yachiona chosungiracho

Lowetsani fulashi m'bowo la rauta, mudikire pafupifupi theka la mphindi kuti kanyale ka USB, ngati kalipo, kayake mokhazikika. Pa marauta ambiri a TP-Link njira yake ndi Advanced, kenako USB Settings, kenako Device Settings. Pa mitundu ina mudzapeza mawu akuti USB Application, Storage kapena Armazenamento USB. Pa tsamba limeneli payenera kuoneka dzina la fulashi, kukula kwake ndi malo otsala. Ngati palibe kanthu, dinani Scan. Ikapanda kuonekabe, bwererani ku sitepe 2 ndi 3, chifukwa vuto limakhala la mphamvu kapena la kafomatidwe, ndipo njira yachangu yosiyanitsira ndi kuyesa kafulashi kakang'ono ka FAT32: kakaoneka, ndiye kuti rauta ilibe vuto.

6. Tsegulani kugawana, ndipo ikani dzina ndi pasiwedi

Pafupi ndi Device Settings pali tsamba la Sharing Access kapena lofanana nalo. Chongani pa Samba kapena Network Neighborhood. Mudzaona dzina limene chosungiracho chidziwike nalo pa netiweki, limene pa TP-Link limabwera lili TP-Share, ndipo mutha kulisiya choncho.

Kenako pangani akaunti yogawanirana, yokhala ndi dzina ndi pasiwedi yosiyana ndi ya admin, ndipo yatsani Enable Authentication. Ambiri amadumpha gawo limeneli poganiza kuti m'nyumba mwawo mulibe mlendo, koma pali zifukwa ziwiri zolichitira. Choyamba, pasiwedi ya Wi-Fi kwathu kuno imayenda: mwana amapatsa mnzake, mnzakeyo amapatsa mchimwene wake, ndipo posakhalitsa mnyamata wa pa golosale yapafupi ali pa netiweki yanu. Chachiwiri, Windows yatsopano imakana kulowa pa foda yopanda pasiwedi, monga ndifotokozere pa sitepe yotsatira.

Zimitsani Share All kuti musankhe foda iliyonse payokha. Mafoda a Sukulu ndi Mavidiyo apatseni chilolezo chowerenga chokha, kuti mwana asafufute kanthu mwangozi. Foda ya Makalata, mmene mungasunge zithunzi za chitupa cha unzika (BI), za nambala ya msonkho (NUIT), za chikalata cha munda (DUAT) kapena za masatifiketi a sukulu, ikhale yofuna pasiwedi ndipo isachongedwe pa Media Sharing. Dinani Save pa tsamba lililonse musanachokepo, chifukwa marauta ambiri sasunga okha zimene mwasintha.

7. Pamene rauta ikuti zonse zili bwino koma kompyuta ikukana

Malangizo ambiri amathera pa sitepe 6 ngati kuti ntchito yatha, pamene anthu ochuluka amene amabwera kwa ine amakhala atafika kale pamenepo. Rauta ikuonetsa fulashi, Samba ndi yoyaka, koma laputopu ikukana kutsegula. Tsatirani izi mwa dongosolo lake, osadumpha.

Yambani ndi kusadalira chizindikiro cha Network cha kumanzere kwa File Explorer, chifukwa nthawi zambiri rauta sionekerapo ngakhale zonse zili bwino. M'malo mwake dinani pamwamba polemba adiresi mu File Explorer, osati mu Chrome, ndipo lembani timizere tiwiri topendekera kumbuyo totsatana ndi nambala ya rauta, motere: \\192.168.0.1 kenako Enter. Timizereti ndi topendekera kumbuyo, si tija ta adiresi ya intaneti. Pa makiyibodi a Chipwitikizi kamzereka kamakhala pa batani la pakona yakumanzere pamwamba, pafupi ndi nambala 1. Pakatuluka bokosi lofunsa dzina ndi pasiwedi, lembani za akaunti yogawanirana ija, osati za Windows kapena za Wi-Fi.

Ngati m'malo mwa bokosilo patuluka uthenga wokana, uwerengeni bwinobwino musanautseke, chifukwa mauthengawa ndi osiyana ndipo uliwonse uli ndi mankhwala ake.

Uthenga wotchula SMB1 ukutanthauza kuti rauta yanu imalankhula mtundu wakale wa Samba umene Windows inasiya kuulandira. Mbiri yake ndi yakuti mu Meyi 2017 kachilombo ka WannaCry kanafalikira padziko lonse kudzera pa chiboo chimene chinali mu SMB1, n'kutseka mafayilo a makampani ndi zipatala zambiri, ndipo kuyambira pa Windows 10 ya mtundu wa 1709, imene inatuluka kumapeto kwa chaka chomwecho, Microsoft inasiya kuika SMB1 yoyaka pa makompyuta atsopano. Marauta ambiri otsika mtengo amene ali m'nyumba zathu anapangidwa ndi SMB1 yokha. Choyamba kuchita ndi kuyang'ana pa tsamba la rauta ngati pali posankha SMB2 kapena SMBv2, n'kuiyatsa. Ngati palibe, onani ngati kampani yopanga rautayo inatulutsa firmware yatsopano, imene ndi pulogalamu ya mkati yoyendetsa rauta, chifukwa pa mitundu ina SMB2 inabwera ndi firmware yatsopano. Potsitsa firmware yerekezani nambala ya mtundu imene ili pa kapepala ka pansi, monga V2 kapena V3, chifukwa fayilo ya V3 siyenera kuikidwa pa V2. Ikani firmware mutalumikiza laputopu ndi chingwe, ndipo musayambe ntchitoyi kunja kukuchita mabingu kapena pa nthawi imene magetsi akuphethiraphethira, chifukwa akazima pakati pa ntchitoyo rauta itha kufa osadzukanso.

Zonsezi zikakanika, mwatsala ndi njira ziwiri. Mutha kuyatsa SMB1 pa kompyutayo podutsa pa Control Panel, Programs, Turn Windows features on or off, n'kutsegula mzere wa SMB 1.0/CIFS File Sharing Support, n'kuchonga pa Client pokha, osachonga pa Server, kenako n'kuyatsanso kompyuta. Ndimalola zimenezi pa kompyuta yokhala pakhomo nthawi zonse, koma sindilangiza kutero pa laputopu ya kuntchito kapena imene mumayenda nayo n'kumalumikiza pa Wi-Fi ya kusukulu ndi m'malo ogona alendo. Njira yachiwiri ndi kusiya Samba n'kugwiritsa ntchito FTP ya m'nyumba momwemo: yatsani FTP pa rauta, lembani ftp://192.168.0.1 mu File Explorer, ndipo mudzatha kukopera mafayilo uku ndi uku, ngakhale kuti kutsegula fayilo n'kumaikonzera pomwepo sikuyenda bwino ngati pa Samba.

Uthenga wonena kuti malamulo a chitetezo akuletsa kulowa ngati mlendo, wokhala ndi mawu akuti guest access, ukutanthauza kuti foda yanu ilibe pasiwedi. Windows 11 ya mtundu wa 24H2 inakhwimitsa kwambiri lamulo limeneli, n'chifukwa chake ena amadandaula kuti zinkagwira bwino chaka chatha koma zinasiya kompyuta itadzikonza yokha usiku. Pa intaneti mudzapeza malangizo okuuzani kuti mufooketse chitetezo cha Windows kuti ilole alendo, koma njira yabwino ndi kubwerera ku sitepe 6 n'kuyatsa Enable Authentication pa foda iliyonse.

Uthenga wokhala ndi nambala 0x80070035 ukutanthauza kuti kompyuta sinapeze njira yofikira ku rauta. Onani ngati nambala mwailemba bwino, ndipo onani ngati laputopu ili pa Wi-Fi yeniyeni ya pakhomo, osati ya alendo ija yotchedwa Guest, imene inapangidwa dala kuti isaone za m'nyumba. Onaninso pa tsamba la Wireless kuti AP Isolation, imene imaletsa zipangizo za pa Wi-Fi kuonana, ndi yozima. M'nyumba zina muli marauta awiri, ina yolandira netiweki ya foni ndi ina yofalitsa Wi-Fi kuseri kwa nyumba. Zikatero, zipangizo zimene zili pa rauta yoyamba sizitha kuona fulashi yolowetsedwa pa yachiwiri, choncho lumikizani ku Wi-Fi ya rauta imene ili ndi fulashiyo ndipo mugwiritse ntchito nambala yake.

Vuto lomaliza ndi limene limasokoneza anthu kwambiri: pasiwedi ndi yolondola, mwailemba kasanu, koma Windows ikukanabe, kapena sikufunsanso n'komwe. Chimachitika n'chakuti Windows inasunga dzina lolakwika limene munalemba ulendo woyamba ndipo ikulitumizabe mwakachetechete. Tsegulani Control Panel, lowani pa Credential Manager, sankhani Windows Credentials, pezani mzere wokhala ndi nambala ya rauta, muuchotse ndi Remove, muzimitse kompyuta n'kuiyatsanso, kenako muyambirenso.

Mafoda akatseguka, dinani imodzi ndi batani lakumanja, musankhe Map network drive, muipatse chilembo monga Z, ndipo kuyambira pamenepo izioneka pamodzi ndi madisiki ena a kompyuta. Musayembekezere liwiro la fulashi yolowetsedwa mu laputopu mwachindunji. USB 2.0 imalembedwa kuti imafika 480 Mbps, ndiye kuti 60 MB pa sekondi, koma kaubongo ka rauta n'kakang'ono ndipo kamagwiranso ntchito ya Wi-Fi nthawi yomweyo. Rauta imene ikulemba 10 MB pa sekondi idzatenga mphindi zopitirira zitatu kuti ilandire vidiyo ya 2 GB. Ngati muli ndi mafayilo ochuluka oyamba nawo, akopereni fulashi ili mu kompyuta, kenako muibwezere pa rauta.

8. Mafoni ndi TV

Pa foni ya Android, pulogalamu ya VLC ili ndi gawo la Browse mmene mumaoneka za pa netiweki ya m'nyumba, ndipo imasewera mavidiyo kuchokera pa fulashiyo popanda kuwakopera mu foni. Mapulogalamu ambiri osanjira mafayilo ali ndi posankha SMB kapena LAN, pamene mumalemba nambala ya rauta, dzina ndi pasiwedi. Pa iPhone, kuyambira pa iOS 13, tsegulani Files, sankhani Connect to Server, mulembe smb://192.168.0.1, koma dziwani kuti iPhone simva SMB1, kotero pa rauta yakale mudzafunika VLC. Kuti TV ione, yatsani Media Server pa rauta, ndipo dzina la chosungiracho lidzaoneka pa mndandanda wa Source. Kumbukirani kuti Media Server sifunsa pasiwedi, choncho chilichonse chimene mwachonga kuti chigawidwe m'njira imeneyi chimaoneka kwa aliyense amene ali pa Wi-Fi.

Ngati mwaona kuti Wi-Fi yayamba kufooka kuchokera pamene munalowetsa disiki ya USB 3.0, si maganizo anu chabe. USB 3.0 imatulutsa phokoso la magetsi limene limasokoneza Wi-Fi ya 2.4 GHz. Talikitsani disikiyo ndi tinyanga ta rauta pogwiritsa ntchito chingwe chabwino, kapena sunthani zipangizo zanu kupita pa 5 GHz, kapena sankhani USB 2.0 pa tsamba la rauta ngati posankhapo palipo.

9. Siyani khomo la ku intaneti lotseka

Pa tsamba logawanirana pali mzere wa FTP via Internet kapena Remote Access, umene umalonjeza kuti mutha kutsegula mafayilo anu muli ku Beira kapena ku Lilongwe. Usiyeni wozima. Pa rauta yodalira khadi la foni nthawi zambiri sugwira n'komwe, chifukwa makampani a mafoni amaika makasitomala ambiri kumbuyo kwa adiresi imodzi, ndipo pamene wagwira umaika makalata anu pa msewu wa dziko lonse ndi pasiwedi yosabisika, kwinaku ukudya mamega.

10. Kuchotsa chosungira, kuzima kwa magetsi ndi kutentha

Musazule fulashi pa rauta yoyaka. Lowani pa Device Settings, dinani Safely Remove kapena Remover com segurança, mudikire kuti dzina lake lichoke pa tsambalo, kenako muzule. Rauta imasunga kaye zina mwa zolembedwa mkati mwake isanazitsitsire pa fulashi, ndipo mukazula msanga fayilo imene inkaoneka ngati yamalizika imakhala yoduka.

Magetsi akazima mwadzidzidzi zotsatira zake ndi zomwezo, ndipo m'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, zimenezi zimachitika kawirikawiri. Marauta ambiri amayendera 12 V, choncho kabatire kakang'ono kotchedwa mini UPS kamakwanira kuwasunga oyaka, malinga mwayerekeza mphamvu yolembedwa pa adaputa ya rauta ndi ya kabatireko. Amene mumadalira sola, zolowerani kudina Safely Remove madzulo batire lisanathe, ndipo musayambe kukopera fayilo yaikulu mphamvu itatsika. Amene muli mumzinda wa Tete, ku Moatize ndi m'chigwa cha Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, musaike rauta ndi disiki pansi penipeni pa malata, pawindo lolowa dzuwa kapena m'kabati yotseka, ndipo musazisanjikize chimodzi pamwamba pa chinzake. Ziikeni pa shelefu yopita mphepo, ndipo muzipukuta fumbi pa timabowo topumira ta rauta.

Fulashi yokhala pa rauta usana ndi usiku imatha msanga kuposa yosungidwa m'kabati, choncho chilichonse chofunika chikhalenso pa malo ena. Kamodzi pa mwezi koperani foda ya Makalata ndi ya Zithunzi pa disiki ina imene mumaisunga yosalumikizidwa.

Ngati magetsi anazima ndipo mmawa mwapeza kuti rauta sikuionanso fulashi, kapena ikulola kuwerenga koma ikukana kulemba, musafomate. Ichotseni, muilowetse mu kompyuta ya Windows, ndipo ngati kompyuta yafunsa kuti ifomate, kanani. Onani chilembo chake, tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani chkdsk E: /f mutaika chilembo cha fulashi yanu m'malo mwa E, ndipo muisiye mpaka imalize, ngakhale itaoneka ngati yaima kwa mphindi zingapo. Ikamaliza koperani kaye mafayilo ofunika pa kompyutapo, muchotse fulashi kudzera pa Eject, muibwezere pa rauta, kenako mudine Scan.